Ma alien a m'magazini a sukulu onse ndi obiriwira, koma vuto si ana ayi

Tengani magazini ya sukulu iliyonse imene ili ndi tsamba la ndakatulo, kaya mabuku aja amene amasonkhanitsa ndakatulo za ana a pulayimale, mupite pamene ana alemba za ma alien, zamoyo zoganiziridwa kuti zimachokera kumaiko ena a m'mlengalenga. Musanawerenge n'komwe mutha kunena zimene zili mmenemo. Alien wake ndi wobiriwira, ali ndi maso atatu kapena limodzi lalikulu pamphumi, timawaya tiwiri pamutu, wabwera pa chombo chozungulira chothwanima magetsi, watera kuseri kwa sukulu, mwana uja wachita mantha pang'ono kenako apatsana moni kenako agwirizana kenako alien uja wakwera chombo chake ulendo ku Mars. Ndiye mzere womaliza, aaa abale, mzere womaliza ndi umene umanditopetsa, "ndinadzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto". Ngati si maloto ndiye kuti alien uja asananyamuke wasiya uthenga wakuti anthu inu samalani dziko lanu, musamataye zinyalala paliponse.

Anthu ambiri akawerenga zimenezi amangoti ana amasiku ano mitu inadzaza makatuni, palibe chawochawo chimene angalembe. Ena amapitirira mpaka kunena kuti mutu umenewu uzichotsedwa, ana azilemba za zinthu zenizeni zimene amaziona. Ine zonse ziwirizi ndikukana. Mutu wa ma alien ndi umodzi mwa mitu yabwino kwambiri imene mungapatse mwana wa zaka 8 kapena 10 kuti alembepo ndakatulo, ndipo kufanana konseku kumene tikukuona m'magazini sikuchokera mwa ana. Kukuchokera mwa ife akuluakulu, amene timakonza phunziro, timagwira cholembera chofiira, kenako n'kusankha zoti zisindikizidwe.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ndikuti mutuwu ndi wabwino. Mwana ndi mlendo pa dziko lino, sindikunena mophiphiritsa ayi, wangofika kumene zaka zochepa zapitazo ndipo anapeza malamulo onse atakhazikitsidwa kale ndi anthu aataliatali amene safotokoza chifukwa chake. Khala apa, usakhale apo, usafunse zimenezo pagulu, vala izi. Mwana amadabwa ndi zinthu zambiri koma amadziwa msanga kuti kudabwa mokweza kumabweretsa kusekedwa. Ndiye mukamuuza kuti lemba ngati ndiwe alien wangotera kumene, mwamupatsa chilolezo chonena zonse zimene wakhala akudabwa nazo popanda wina kumuti wopusa, chifukwa wopusayo ndi alien, si iye. Tiyerekeze mwana walemba alien akuuza anzake kwawo za sukulu ya anthu, akuti kuno kuli chitsulo china chikangolira ana onse amathamangira m'chipinda, ndiye chitsulocho mwina ndicho mfumu yawo. Kapena akuti ana a kuno akafuna kulankhula amayamba aloza kumwamba, ine ndinayesa andiona. Eti si ndakatulo imeneyo? Mulibe mawu ovuta, mulibe chombo chothwanima, koma munthu wamkulu amene wakhala m'kalasi zaka 20 akawerenga amaona kukweza mkono ngati chinthu chachilendo kwa nthawi yoyamba.

Njira imeneyi si ya ana okha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mlakatuli wa ku England, Craig Raine, anatulutsa ndakatulo ya mlendo wa ku Mars akulembera kwawo kufotokoza zinthu wamba za anthu mosazimvetsa, ndipo inatchuka moti iye ndi anzake ena olemba motero anayamba kutchedwa alakatuli a ku Mars. Mpaka pano aphunzitsi ambiri a Chingerezi amaigwiritsa ntchito m'kalasi. Chimene mlakatuli wamkulu amachita kuvutikira, kuyesa kuiwala zimene akudziwa kuti aone kachiwiri, mwana amakhala nacho kale m'manja. Ife ndi amene timamulanda.

Timamulanda bwanji? Onani mmene phunziro lotere limayendera kawirikawiri. Mphunzitsi, amene ali ndi ana ambiri ndi nthawi yochepa, ndipo sindikumunyoza, amalemba pa bolodi mawu othandiza: wobiriwira, roketi, nyenyezi, pulaneti, maso atatu, chombo. Mwana aliyense amaona mawu amenewo ngati mayankho a mayeso, ndiye onse amawalowetsa. Nthawi zina amapatsidwa pepala lojambulidwa kale alien wobiriwira pakona kuti alembe pambali pake, ndiye mukuyembekeza kuti atulutsa alien wa mtundu wanji? Kenako pali zija zoti mzere uliwonse uyambe ndi chilembo cha mawu oti ALIEN kutsika m'munsi, zimene zimathandiza mwana wamantha kuyamba, inde, koma zimatanthauza kuti ndakatulo yatha pa mzere wachisanu kaya mwanayo anali ndi zonena zina kaya ayi. Ndipo choopsa kwambiri, makamaka ana akamalemba m'Chingerezi, ndi lamulo losalembedwa lakuti mizere izithera ndi mawu omveka mofanana. M'Chingerezi dzina la Mars limamveka mofanana ndi mawu a nyenyezi komanso a magalimoto, ndiye taonani kuchuluka kwa ma alien amene amachokera ku Mars, kudutsa nyenyezi, n'kumadabwa ndi magalimoto. Mwanayo sanasankhe zimenezo. Kamvekedwe ka mawu ndi kamene kamusankhira, iye wangotsatira. Mwina ankafuna alien wake achokere pansi pa nyanja ya dziko lina koma mawu ofanana nawo sanapezeke ndiye basi, Mars.

Koma ngakhale phunziro litayenda choncho, m'kalasi iliyonse mumapezeka ana awiri atatu amene amapatuka. Wina alemba alien amene alibe thupi, ndi fungo chabe. Wina alemba alien amene wabwera n'kukhala pansi osalankhula kanthu mpaka ndakatulo kutha. Wina alemba mizere inayi yokhotakhota, masipelo olakwika, yosamveka bwino kumapeto. Ndakatulo zimenezi zimalembedwa ndithu, kungoti sizifika m'magazini, ndipo apa ndi pamene nkhani yanga yagona. Magazini ya sukulu si ya ana kwenikweni, tisanamizane. Ndi pamene sukulu imadzionetsera kwa makolo, kwa akuluakulu a maphunziro, kwa amene akuganiza zobweretsa ana awo chaka chamawa. Mkonzi wake nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa chilankhulo amene wapatsidwa ntchitoyi pamwamba pa ntchito zina, ndipo akudziwa kuti ahedi adzaiona isanasindikizidwe. Ndiye pakati pa ndakatulo yaukhondo ya ndime zinayi zofanana kutalika yokhala ndi phunziro labwino kumapeto, ndi ina yachilendo imene kholo lina lingafunse kuti kodi mwanayu ali bwinobwino, mukuganiza asankha iti? Amasankha yaukhondo ija. Chaka chamawa ana ena amawerenga magaziniyo, amaona mtundu wa ndakatulo umene umapambana, nawonso amalemba wotero. Ana ndi ochenjera, amadziwa msanga chimene akuluakulu akufuna kumva. Pakatha zaka zisanu sukulu yonse ikulemba alien mmodzi yemweyo.

Za uthenga wosamalira dziko zija ndiimepo pang'ono chifukwa zimandisangalatsa mmene zimalowera. Mu September 1994 ana pafupifupi 60 a pa sukulu ya Ariel ku Ruwa m'dziko la Zimbabwe ananena kuti aona chombo chachilendo ndi zamoyo zachilendo pafupi ndi bwalo la sukulu nthawi yopuma. Anajambula zithunzi, anafunsidwa mafunso ndi anthu osiyanasiyana, ndipo patapita milungu ingapo kunabwera John Mack, dokotala wa zamaganizo wa ku yunivesite ya Harvard ku America, kudzacheza nawo. Sindikufuna kulowa mkangano wakuti anaona chiyani. Chimene ndikutengapo n'chakuti anthu amene amakayikira nkhaniyi amanena kuti mbali yakuti ma alien aja ankachenjeza za kuwononga chilengedwe inamveka kwambiri pamene ana ankafunsidwa ndi Mack, munthu amene nkhani zoterozo ankazikonda kale. Kaya mukugwirizana nawo kaya ayi, mfundo yake ndi yodziwika kwa aliyense amene anakhalapo ndi ana, kuti munthu wamkulu akafunsa mwana funso nkhope yake ikuonetsa yankho limene akufuna, mwana amapereka yankho limenelo. M'ndakatulo n'chimodzimodzi. Alien amene amalalikira za zinyalala ndi wa mphunzitsi, mwana wangomubwereka kuti apeze mamalikisi. Sindikuti kusamala chilengedwe n'koipa, ayi, koma ngati ndakatulo iliyonse ya mwana ikuyenera kutha ndi ulaliki ndiye tikuphunzitsa ana kuti ndakatulo ndi njira yokondweretsera akulu basi.

Tsopano kwa aja amati ana asiye ma alien azilemba zenizeni. Ndikumva chimene akutanthauza, ndipo ndivomere kuti mpaka lero palibe umboni uliwonse wotsimikizika wakuti kunja kwa dziko lino kuli chamoyo, ngakhale kachilombo kakang'ono. Zimenezo mwana aziuzidwa mosabisa. Koma funso lakuti kodi tili tokha si lachibwana, anthu ophunzira kwambiri akhala akulimbana nalo. Mu 1950 Enrico Fermi, katswiri wa fizikisi, anafunsa anzake akudya masana kuti ngati nyenyezi zili zambiri chonchi, nanga ena onsewo ali kuti, ndipo funso limenelo likukambidwabe. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza pulaneti loyamba lozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu, analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2019, ndipo pofika 2022 mapulaneti otsimikizika a kunja kwa dzuwa lathu anali atadutsa 5,000. Mwana wobadwa lero akukula m'nthawi imene tikudziwa kuti maiko ena aliko ambirimbiri, chinthu chimene agogo ake ali pasukulu chinali chongoganizira. Ndiye kumuletsa kuganiza kuti kumeneko kungakhale ndani, ndiko kumuchotsa pa zenizeni.

Ndipo amene amaseka ana chifukwa cha timunthu tobiriwira akumbukire kuti akuluakulu anayamba. Percival Lowell, munthu wachuma amene anamanga malo oonera nyenyezi ku Flagstaff m'chigawo cha Arizona ku America mu 1894, anatha zaka akujambula mizere imene ankati akuiona pa Mars n'kumalemba mabuku kuti ndi ngalande zokumbidwa ndi zamoyo zanzeru zimene zikuvutika ndi chilala. Anthu ambiri anamukhulupirira. Chombo cha Mariner 4 chitadutsa pafupi ndi Mars mu 1965 zithunzi zinangoonetsa maenje ndi chipululu, ngalande kulibe. Ma alien a ku Mars amene ana akulemba lero ndi zidzukulu za maloto a munthu wamkulu wa telesikopu, anadutsa m'magazini a nthano, m'mafilimu, m'makatuni mpaka kufika pa pepala la m'kalasi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zenizeni zimene sayansi yapeza ndi zodabwitsa kuposa kamunthu kobiriwira kaja, koma sizifika pa bolodi. Pa Mars dzuwa likamalowa kumwamba mozungulira dzuwalo kumaoneka kwa buluu, makina amene ali kumeneko anajambula. Pa Titan, mwezi wa Saturn, kumagwa mvula koma si ya madzi, ndi ya methane, mpweya woyaka umene kumeneko umakhala ngati madzi chifukwa cha kuzizira, ndipo kuli nyanja zake, chombo cha Huygens chinatera kumeneko mu 2005. Europa, mwezi wa Jupiter, ndi wokutidwa ndi madzi oundana ndipo asayansi ali ndi zifukwa zamphamvu zokhulupirira kuti pansi pake pali nyanja yaikulu mumdima. Nyenyezi ya TRAPPIST-1 ili ndi mapulaneti 7 amene analengezedwa mu 2017, ndipo pa limene lili pafupi kwambiri ndi nyenyeziyo chaka chimatha pasanathe masiku awiri athu. Tangomuuzani mwana wa zaka 9 zimenezo, kuti kuli dziko kumene tsiku lobadwa limabwera kangapo pa sabata, muone ngati angalembenso za maso atatu. Muuzeni za chamoyo chimene chingakhale pansi pa denga la ayezi chosadziwa kuti kunja kuli nyenyezi, mumufunse kuti chimaganiza kuti pamwamba pa dengalo pali chiyani. Mfundo imodzi yoona yotere imatsegula mutu wa mwana kuposa mawu khumi othandiza aja. Ngakhale osapita kutali, octopus, chamoyo cha miyendo 8 cha m'nyanja za dziko lino lomwe, ali ndi mitima itatu ndi magazi a buluu, ndiye mwana amene wamva zimenezo amazindikira kuti chamoyo sichiyenera kukhala munthu wopakidwa penti.

Pali nkhani ina imene ndimafuna mphunzitsi aliyense wopereka mutuwu aziyamba nayo. Mu 1977 NASA, nthambi ya boma la America yoona za mlengalenga, inatumiza zombo ziwiri, Voyager 1 ndi Voyager 2, ndipo pa chilichonse anamangirirapo chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi mawu, nyimbo ndi zithunzi zoposa 100 za dziko lino, kuti ngati kuli wina kutaliko amene angadzachitole adziwe kuti tinali ndani. Gulu limene linasankha zoikamo linkatsogoleredwa ndi katswiri wa za nyenyezi, Carl Sagan. Muli moni m'zilankhulo 55, ndipo chimodzi mwa izo ndi Chinyanja, inde, moni wa m'chilankhulo chimene mukuwerengachi anatuluka kale m'dera limene mumafika tizinthu touluka tochokera ku dzuwa lathu, Voyager 1 inadutsa malire amenewo mu 2012. Moni wa Chingerezi anapereka ndi mwana wa zaka 6, mwana wa Sagan yemweyo, kupereka moni m'malo mwa ana a dziko lapansi. Ndiye ntchito imene timapatsa ana m'kalasi ngati yongotayitsa nthawi Lachisanu masana, yakuti ungamuuze chiyani mlendo wa kudziko lina, ndi ntchito imene anthu akuluakulu anakhalira pansi milungu ingapo akukangana. Koma mvetserani izi. Gulu lija linasankha kusaikamo zithunzi za nkhondo, umphawi ndi matenda. Anatumiza dziko lovala bwino, lomwetulira. Zifukwa zawo anali nazo, koma ukaganiza bwino, chimbale chija ndi magazini ya sukulu ya dziko lonse, mkonzi anachotsa zonse zimene zingachititse manyazi pamaso pa alendo. Vutoli ndi lakale ndipo si aphunzitsi okha ali nalo.

Ndakatulo nazo zinapita kale kumwambako, osati mongoyerekeza. Chombo cha MAVEN chimene chinanyamuka mu 2013 kupita ku Mars chinatenga ndakatulo zazifupi za mizere itatu, za haiku, zoposa 1,000 zimene anthu wamba anatumiza. Chombo cha Europa Clipper chimene chinanyamuka mu October 2024 chili ndi ndakatulo ya mlakatuli wa ku America, Ada Limón, yozokotedwa pa chitsulo chake. Ndipo dzina la Pluto, kadziko kozungulira dzuwa lathu patali kwambiri, analipereka mu 1930 ndi mtsikana wa zaka 11 wa ku Oxford, Venetia Burney. Ndangotchula kuti amene amati za mlengalenga n'za akatswiri okha, ana ndi alakatuli akhale chete, adziwe kuti akatswiriwo eni ake saganiza choncho.

Pali makolo ena amene nkhani za ma alien amaziona ngati zosemphana ndi chikhulupiriro chawo, amaopa kuti mwana akuphunzitsidwa za mizimu yachilendo. Amenewa sindiwaseka. Ndingoti mwana amene walemba kalulu akulankhula sakhulupirira kuti akalulu amalankhula, ndipo alien wa m'ndakatulo ali m'gulu lomwelo la nthano. Kholo limene silikufunabe, mwana wake apatsidwe mutu wina popanda kumuchititsa manyazi, nkhani yathera pomwepo.

Chotsutsa chimene ndimachiona cholemera ndi china. Mphunzitsi angandiuze kuti iwe ukulankhula ngati tikufuna kupeza alakatuli otchuka, pamene ife cholinga chathu n'chakuti mwana aliyense aone dzina lake litasindikizidwa kamodzi m'moyo wake, ndipo mwana amene wavutika kulemba ndime zinayi zaukhondo za alien wobiriwira wagwira ntchito, bwanji tim'taye chifukwa choti iwe watopa ndi zobiriwira? Zoona zimenezo. Kwa mwana amene kuwerenga kumamuvuta, kutsatira chitsanzo mpaka kumaliza ndi chipambano chachikulu, ndipo kutengera ena ndi mmene aliyense amayambira kulemba. Sindikuti ndakatulo zotere zisamalowe. Ndikuti zisamalowe zokhazokha, ndipo zisamakhale zokha zimene zimaikidwa patsamba loyamba ndi kuwerengedwa pa tsiku lotsekera sukulu. Malo a yachilendo ija apezeke, ngakhale imodzi pa zisanu, ndipo iikidwe poonekera kuti ana ena adziwe kuti kupatuka nakonso kumaloledwa.

Ndiye pali mabuku aja a mpikisano amene makampani ena amatulutsa, amalengeza mutu m'masukulu ambiri, kaya za mlengalenga kaya za zilombo, ana amatumiza, kenako pafupifupi aliyense amalandira kalata yakuti ndakatulo yako yasankhidwa, ndipo makolo amapemphedwa kugula bukulo. Mwana amasangalala, zimenezo sindingachotse. Koma tisamatche kusankha pamene palibe chimene chasiyidwa, ndipo tisamayese kuti buku la masamba mazana la ma alien ofanana likutiuza mmene ana amaganizira. Likutiuza mmene pepala la malangizo a mpikisano linalembedwera. Buku lotere kholo limatsegula tsamba la mwana wake, kujambula pa foni, kutumizira achibale, kutseka, ndipo palibe amene amawerenga ndakatulo ya mwana wa mnzake. Magazini ya sukulu ili ndi mwayi umene mabuku amenewa alibe, woti owerenga ake amadziwana, mwana wa kalasi ina amawerenga ya mnzake amene amamuona tsiku lililonse. Kutaya mwayi umenewo posindikiza zofanana ndi kulakwitsa kwakukulu.

Masiku ano pabweranso china chimene chikupangitsa kuti nkhaniyi isakhalenso yongokambirana pocheza. Kuyambira kumapeto kwa 2022 aliyense amene ali ndi foni ndi intaneti atha kuuza ChatGPT kapena zinzake kuti ndilembere ndakatulo ya mwana ya alien, ndipo pasanathe mphindi imatuluka, ndime zofanana, mizere yomveka bwino kumapeto, alien wochezeka, phunziro la ubwenzi pomaliza, sipelo yolakwika ngakhale imodzi mulibe. Ndendende mtundu umene akonzi akhala akuupatsa mphoto zaka zonsezi. Ndiye ngati muyezo wanu wa ndakatulo yabwino ya mwana ndi ukhondo, mwadziika pamalo poti simungathenso kusiyanitsa mwana ndi makina, ndipo mphoto izipita kwa amene kunyumba kwawo kuli intaneti yabwino. Chimene makina amavutika kutulutsa ndi kupotoka kuja kwa mwana weniweni, alien amene akuopa masitepe a pasukulu yawo yeniyeniyo, alien amene ali ndi chifuwa chofanana ndi cha mng'ono wake wa wolembayo. Zimene tinkazichotsa ndi cholembera chofiira zija ndi zimene zatsala ngati umboni wakuti apa panadutsa mwana.

Za cholembera chofiiracho, sindikunena kuti masipelo asakonzedwe. Akonzedwe, mwanayo atakhala pompo, chifukwa palibe mwana amene amafuna kudzasekedwa ndi dzina lake pamwamba pa mawu olakwika. Koma kukonza sipelo n'kosiyana ndi kukonza ganizo. Mwana akalemba kuti alien analira chammbuyo, musasinthe kuti analira mokweza poganiza kuti wasokoneza, mufunseni kaye kuti kulira chammbuyo n'kutani, mwina akuuzani kuti misozi imalowa mkati m'malo motuluka, ndipo mzere wabwino kuposa yonse m'magazini yanu ukhala umenewo. Funso limodzi lokha, "ukutanthauza chiyani apa", lofunsidwa ndi nkhope yofunadi kudziwa, limagwira ntchito kuposa ndemanga zonse za m'mphepete mwa pepala. Ndipo mkonzi akakhala ndi ana angapo a makalasi apamwamba omuthandiza kusankha, zotsatira zimasintha, chifukwa ana amadziwa ndakatulo imene yawaseketsa zoona ndi imene yalembedwa kuti aphunzitsi akondwe.

Pali mtundu umodzi wa ndakatulozi umene umafuna kusamala kwina. Si ma alien onse a ana amene ndi oseketsa. Mwana amene wangosamukira kumene pasukulu, amene chilankhulo cha pamalopo sachidziwa bwino, amene khungu lake kapena kayendedwe kake n'kosiyana ndi anzake, kapena amene kunyumba zinthu sizili bwino, kawirikawiri salemba kuti ine ndili ndekha. Amalemba za alien amene chombo chake chinamusiya, amene nthawi yopuma amaima pakhoma chifukwa sadziwa malamulo a masewera a anthu, amene aliyense amamuyang'ana koma palibe amene amamufunsa dzina. Ndakatulo zimenezi nthawi zambiri ndi zimene zimakhala zamphamvu kuposa zonse m'mulu, ndipo mkonzi wamantha amazisiya chifukwa n'zachisoni, pamene mkonzi wotengeka amathamangira kuzisindikiza chifukwa n'zokongola. Onse awiri alakwitsa. Sukulu ndi malo aang'ono, anzake a m'kalasi adzadziwa pompo kuti alien woima pakhoma uja ndi ndani, ndipo chimene mwana anabisa mwaluso chija chidzakhala poyera ndi dzina lake pansi pake. Choyamba mphunzitsi acheze naye mwanayo, osati za ndakatulo zokha, aone ngati pali chofunika thandizo. Kenako amufunse momveka bwino ngati akufuna kuti sukulu yonse iwerenge, amuuzenso kuti atha kusindikiza popanda dzina kapena ndi dzina lopeka. Ena amavomera mokondwa chifukwa n'zimene ankafuna kuti wina amve. Akakana, ndakatuloyo ibwerere m'kope lake ndipo tsambalo apatsidwe mwana wina.